Chipolopolo Chimene Ndinatola Pansi pa Bedi

Bwerani kuno ana inu, khalani pansi. Magetsi athima, mafoni anu afa, ndiye lero mwakumbuka kuti pakhomo pano pali nkhalamba yodziwa kulankhula. Dalitso, tsitsa miyendo pampandopo. Esnati wandifunsa za chithunzi cha ukwati wathu chili pakhomacho, akuti bambo wamtali waima ndi ndodo pambali pa agogo anu aakazi ndani. Wafunsa m'Chibemba, koma ine ndiyankha m'Chinyanja, chifukwa ine agogo anu, amene mumati "bashikulu", ndinachokera ku Katete, sindinabadwire ku Mushili kuno ngati inu.

Amenewo ndi a Mwale, malume awo a agogo anu. Ndisanawadziwe ine ankayenda ndi miyendo iwiri yolimba. Amene anawalemaza ndine, Lameki, agogo anu amene mumaganiza kuti anabadwa atavala kale jekete ya kutchalitchi. Musanditong'olere maso, ndifotokoza.

Ine ku Kopala kuno, kudera la migodi, ndinabwera ndili mnyamata wa ndevu zitatu. Inu mukafuna kupita kumudzi mumakwera basi ya mipando yofewa, n'kumadandaula kuti msana ukuwawa. Ine ndinakhala pamwamba pa matumba a mtedza m'lole kuchokera ku Katete mpaka ku Lusaka, fumbi mpaka m'makutu, kamba wanga ali chimanga chokazinga ndi mbatata zowotcha. Kuchokera apo sitima, mpaka ku Kitwe. Ndinkafuna ntchito ya mumgodi ngati anzanga, koma atandivula malaya n'kuona nthiti zanga anandibweza. Ndinazungulira miyezi iwiri, kenako ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Parklands, kwa mzungu wina wocheka matabwa ndi mitengo yochirikizira migodi. Dzina lake lenileni linkatiluma lilime, ndiye tinkangomutcha Bwana Mapulanga.

Ntchito ya m'nyumba masiku amenewo sinali yamasewera. Pansi ponse ndinkapaka polishi wofiira ndili chogwada, n'kupukuta mpaka nkhope yanga ioneke. Kusita kunali kwa ayironi ya makala, ndipo kakhala kamodzi kakagwera pa shati yoyera, umayamba kupemphera. Dalitso, iwe amene shati yako imodzi umaipereka kwa mlongo wako, ukanatha tsiku limodzi lokha.

Dona, mkazi wa bwanayo, anali ndi lamulo limodzi: chinthu chilichonse chibwerere pamalo pake. Ndipo anali ndi kamchitidwe kake koyesa antchito. Ankasiya dala ndolo kapena mphete pansi, kuseri kwa mpando, n'kumadikira. Ukaiika m'thumba ndiwe wakuba. Ukaisiya pomwepo ndiye kuti sunasese. Ukapita nayo kwa iye n'kufunsa, ankati ulibe mutu. Wantchito wabwino ankatola mwakachetechete n'kubwezera pamalo pake. Ine ndinaphunzira zimenezi mpaka zinalowa m'magazi, ndipo ndinkanyada nazo.

A Mwale anali dalaivala wa lole ya bwanayo kwa zaka zambiri. Anali munthu wa kwathu komwe, Mkatolika wolimba, korona ili lende pagalasi la lole. Mowa sankaukhudza, bodza sankalidziwa, ndipo ku kampaundi anthu akayambana ankapita kwa iwo. Pakhomo pawo ankasunga mwana wa mlongo wawo, Rozina, amene ankawabweretsera chikanda masana lole ikakhala pabwalo. Rozina ameneyo ndi uyo akusenda mtedza pakhondepo ngati sakumva. Akumva zonse, muona.

Nditalimba mtima n'kunena mawu anga ofuna kukwatira Rozina, a Mwale anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Iwe ndiwe wa mpingo wa Dachi, si choncho? Mumaimba bwino, zimenezo sindikana. Koma mwana wa mlongo wanga sindipereka chifukwa cha nyimbo. Ndikuyang'ane kaye."

Kwathu mawu a malume ndiwo otsiriza pa nkhani ya ukwati, ndiye ndinadziwa kuti moyo wanga wonse uli m'manja mwa dalaivala ameneyu. Ndinkawatsukira lole popanda kutumidwa. Ndinasiya ngakhale kuimba mluzu.

Tsopano ndinene za mfuti. Bwana Mapulanga anali ndi kamfuti kam'manja kakalekale, kamene anthu ankati volovolo, kosiyiridwa ndi agogo ake. Ankaivala m'chiuno pa lamba wachikopa akamapita kuthengo kocheka matabwa, akuti chifukwa cha njoka ndi achifwamba. Ife anyamata mfuti zotero tinkazidziwa bwino, kapena tinkaganiza choncho, chifukwa Loweruka lililonse tinkakaonera bayisikopo ya anyamata a pamahatchi ku holo. Tikatuluka aliyense ankayenda motangadza, chala chili m'chiuno. Musaseke, inunso mumavina zimene mwaona pafoni.

Mfuti imeneyo pakati pake pali kamgolo kozungulira, ka mabowo sikisi, bowo lililonse la chipolopolo chimodzi. Kumbuyo kuli kanyundo kokhala ndi kamunga kachitsulo kumaso kwake. Ukangokoka kachitsulo ka pansi kaja ndi chala, mfutiyo siilira ayi. Uyenera kuyamba wakokera kanyundoko m'mbuyo ndi chala chachikulu, kakulira kete, kete, kamgolo n'kutembenuka kubweretsa chipolopolo kutsogolo kwa kamunga. Ukatero m'pamene chala cha pansi chimangomasula, kanyundo n'kugwa, kamunga n'kubaya kamchombo kamene kali kumbuyo kwa chipolopolo. Zimenezi ndinkazidziwa poona bwanayo akuitsuka patebulo. Ndinkaganiza kuti ndadziwa zonse.

Ntchito yanga inali kupaka polishi lamba ndi chikwama chake Lachisanu lililonse. Lambayo ankakhala pa msomali kuchipinda, mfuti ili momwemo. Lachisanu lina m'mawa, ndikusesa pansi pa bedi, tsache linakunkhuniza kanthu kolemera. Kuyang'ana, chipolopolo. Ndinati apa Dona watopa ndi ndolo, wayamba kundiyesa ndi zazikulu. Ndinasolola mfuti ija m'chikwama n'kuyang'ana cham'mbali. Zipolopolo zinali faifi, ndipo bowo limodzi, loyang'anana ndi kanyundo, linali lopanda kanthu.

Ana inu, mukanakhala ine mukanaganiza chiyani? Chipolopolo chili pansi, bowo lili pululu. Ndinatsegula kachitseko ka pambali monga ndinkaonera bwana, ndinakokera kanyundo pang'ono kuti kamgolo kamasuke, n'kubwezera chipolopolo chija pamalo pamene ndinati ndi pake. Potsitsa kanyundo chala changa chinali choterera ndi polishi, ndipo kakanandipulumuka, bwenzi inu kulibe. Kanatsika bwinobwino. Ndinapukuta mfutiyo ndi kansalu, n'kuibwezera, n'kutuluka ndikudzitama mumtima kuti wantchito ngati ine Parklands yense mulibe. Safunsa anadya phula, koma ine phula langa anadya ndi munthu wina.

Lolemba m'mawa, cha m'ma seveni koloko, ndinali kuyanika zovala kuseri. Bwana anaponya lamba uja pampando wa lole n'kubwerera m'nyumba kukatenga chipewa. A Mwale anatsegula chitseko kuti atenge jekete yawo imene inali pansi pa lambayo. Atakoka jekete, mfuti inatereka m'chikwama n'kugwa chadodolido, kanyundo n'kumenya pa chitsulo chopondapo pokwera. Ndinangomva phuu! Nkhunda zonse za padenga zinauluka. Nditathamangira kutsogolo ndinapeza a Mwale atakhala pansi, atagwira pamwamba pa bondo, magazi akutuluka pakati pa zala. Sankalira. Ankangoti, "Mayi Maria, Mayi Maria."

Tinawanyamula ine ndi bwana n'kuwathamangitsira kuchipatala. Chipolopolo chinali chitaswa fupa. Titabwerako, bwanayo anatola mfuti ija, n'kukhala pakhonde, n'kuyamba kutulutsa zipolopolo chimodzichimodzi akuwerenga mokweza. Ine ndinali pomwepo ndi ndowa, ndikutsuka magazi. Anafika pa faifi zamoyo, kenako chikhungwa cha chimene chinalira.

"Sikisi," anatero m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Ine moyo wanga wonse ndimaika faifi. Bambo wanga faifi, agogo wanga faifi. Ndani waika sikisi?"

Apo m'pamene ndinazindikira kuti bowo lija silinali lotayika chipolopolo, linali losiyidwa dala. Bwanayo sanandiyang'ane n'komwe. Angaganizire bwanji ine, munthu amene ndinkathawa ngakhale pulaimasi ikamalira? Iye anaganiza za a Mwale, chifukwa lambayo ankakhala nthawi zambiri m'lole iye ali m'maofesi. Anati mdalayo wakhala akuseweretsa mfuti mobisa. Ananena kuti akatuluka m'chipatala ntchito yatha, ndipo nyumba ya kukampaundi, imene inali ya ntchito, atulukemo.

A Mwale atauzidwa anangoti, "Sindinaigwirepo mfuti imeneyo." Palibe anawakhulupirira. Mbiri inayenda kukampaundi kuti mkulu wa mpingo ankafuna kukhala wa pamahatchi, wadziwombera yekha. Ana ankawatsanzira pamsewu. Munthu amene ankaweruza milandu ya anzake anasanduka choseketsa, ndipo akazi awo anayamba kumanga katundu.

Ine ndinakhala chete masiku naini. Ndikuwanena mosabisa chifukwa ndi masiku oipa kuposa onse a moyo wanga. Ndinkaopa. Ndikaulula, ntchito ithe, mwina apolisi anditenge, ndipo Rozina ndimuiwale, pakuti ndani angapereke mwana wake kwa munthu amene wamuswa mwendo? Ndikakhala chete, munthu wosalakwa atayike. Madzulo alionse ndikaweruka ndinkapalasa njinga kupita kuchipatala ndi chakudya chimene Rozina waphika. Ndinkawatembenuza pabedi, kuwameta ndevu, kuwatayira madzi. Anthu ankati taonani mnyamata wachifundo. Sichinali chifundo, anali mantha.

Tsiku lachisanu ndi chinayi a Mwale anandigwira dzanja.

"Lameki, ndakuyang'ana mokwanira. Anthu a mpingo wanga amene ndinkadya nawo akundiseka, koma iwe wa Dachi sunadumphe tsiku. Ndikatuluka muno utumize ankhoswe ako. Rozina ndi wako."

Mwamva? Chimene ndinkachifuna ndi mtima wonse anandipatsa m'manja, ndipo anandipatsa chifukwa cha kubisa kwanga. Ndinatuluka m'chipatalamo. Rozina anali kundidikira pa geti ndi mbale. Ataona nkhope yanga anati, "Nanga mwatani? Amalume atisiya?" Ndinamuuza zonse pomwepo, pansi pa mtengo wa jakaranda.

Ndikanakonda kukuuzani kuti m'mawa mwake ndinadzuka ngati mkango n'kupita kwa bwana ndekha. Taonani, agogo anu asiya kusenda mtedza. Eya, amayi, ndinena zoona, khalani pansi. Rozina sanalire, sanakalipe. Anaika mbale pansi n'kunena kuti, "A Lameki, mawa dzuwa likafika pamutu mukhale mutanena nokha. Mukapanda kutero ndikanena ndine, ndipo musadzandipatsenso moni." Anatola mbale zake n'kumapita osacheuka. Mawu ake lero ndi omwewo, mumawadziwa inu mukaswa kapu.

M'mawa ndinapeza bwana akumwa tiyi pakhonde. Ndinagwada n'kunena kuti chipolopolo chachisikisi ndinaika ndine, ndinachitola pansi pa bedi, ndinkayesa ndikubwezera chinthu pamalo pake. Anafiira mpaka m'khosi. Ndinatseka maso kudikira khofi. Koma anangolowa m'nyumba, n'kubwera ndi mfuti ija, n'kuikhuthula yonse ine ndikuona, n'kundiuza kuti ndiyandikire.

Anandionetsa chimene bayisikopo sinatiphunzitse. Kanyundo kakatsitsidwa sikakhala m'malere, kamagona, ndipo kamunga kake kamatsamira pa chilichonse chili kutsogolo kwake. Likakhala bowo lopanda kanthu, igwetse mfutiyo, imenye ndi mwala, palibe chichitike. Chikakhala chipolopolo, ndiye kuti kamunga kagona pa kamchombo penipeni, ngati msomali umene waikidwa kale pa thabwa ukungodikira hamala. Chilichonse chogogoda kumbuyo chikwanira, chala cha munthu sichifunikanso. Anandionetsanso kuti ukakokera kanyundo pang'ono pokha, pa kete woyamba, pali kadzino kamene kamakagwira kuti kasakhudze chipolopolo. "Koma usakakhulupirire," anatero. "Ndi kopyapyala ngati chikhadabo, kamathyoka." Anati ena amavulala kanyundo kakakodwa m'malaya kapena m'nthambi, n'kukokeka pang'ono, n'kubwerera. Ena chala chimaterereka potsitsa, monga chikanandichitira ine. N'chifukwa chake akale ankadzaza faifi, kanyundo n'kugona pa bowo lopanda kanthu. Ndamva kuti mfuti zamakono anaziikira kachitsulo kotchinga pakati, koma ine sindinapite kukaona, ndipo inunso musapite. Mukapeza mfuti kapena chipolopolo paliponse, manja kumbuyo, kaitaneni wamkulu.

Atamaliza anati, "Ine ndinalakwa kusiya mfuti pamsomali osakuuza. Koma iwe unamva ndikunamizira Mwale, unakhala chete masiku naini. Tenga katundu wako." Sanandipereke kupolisi. Masana omwewo anapita kuchipatala, ndipo amene analipo anati anavula chipewa pamaso pa a Mwale n'kupepesa wodi yonse ikumva. M'nyumba muja sanawachotse. Lole sakanayendetsanso, chifukwa mwendowo unauma osapindika, ndiye anawaika kuyang'anira pabwalo la matabwa.

Kunatsala kwa a Mwale eniake. Ndinapita madzulo, wopanda mbale m'manja. Ndinaima kumiyendo kwa bedi n'kunena zonse, ngakhale anali atamva kale. Iwo anangondifunsa funso limodzi.

"Ndevu zanga unkameta ndi manja omwewo?"

"Inde, bambo."

Anatembenukira kukhoma. "Choka."

Ndinachokadi. Ku Kitwe sindikanakhalanso, aliyense ankandiloza. Ndinabwera ku Ndola kuno, ku Chipulukusu, kwa msuweni wanga woumba njerwa. Chipulukusu ya masiku amenewo sinali yodzaza ngati lero, inali timanyumba ta dothi m'dambo, mvula ikagwa achule ankalowa mpaka m'nsapato. Ndinkaponda dothi kuyambira m'mawa, chakudya chili mabanzi awiri ndi maheu. Kwa Rozina sindinalembe kalata. Ndinkati ndilibenso nkhope, ndipo ndinkamusowa mpaka chifuwa kuwawa.

Panapita miyezi isanu, mvula inafika pachimake. Tsiku lina masana, tikufunditsa njerwa ndi udzu, msuweni wanga anati, "M'bale wanga, kuli mdala uko akufunsa wa Dachi wowonda." Nditadzutsa mutu ndinaona munthu wamtali akubwera m'kanjira ka matope, ndodo kutsogolo, mwendo wouma ukukokedwa pambuyo. Buluku lawo la kutchalitchi linali matope mpaka m'mawondo. Anali atakwera basi kuchokera ku Kitwe okha, n'kuyenda pansi kuchokera kumsewu, akufunsa khomo ndi khomo. Ndinafuna kuthawira kuseri kwa uvuni, koma anali atandiona kale.

Anakhala pa mulu wa njerwa, akupuma movutika, mwendo uja atautambasula. Ine ndinagwada m'matope.

"Wandiyendetsa mtunda, wa Dachi iwe."

"Pepani, bambo."

"Pepani wako msunge. Mwendowu umapweteka usana ndi usiku, ndipo sindinabwere kudzakunamiza kuti ndaiwala. Koma mwendo ndi ngozi, unkayesa ukukonza. Amene anandipweteka ndi masiku naini aja, ukundimeta ndevu anthu akunditcha wabodza."



"Komabe ndaganiza," anapitiriza. "Mkazi ndinali nditakupatsa kale. Ukanangotseka pakamwa, lero bwenzi uli mkamwini wanga, ine ndili kumudzi ndi dzina loipa. Unalankhula pamene kulankhula kunkakulanda zonse."

Apo ndikanangovomera, nkhani ikanatha bwino. Koma ndinali nditatopa ndi kutamandidwa pa zinthu zosakhala zanga.

"Bambo, sindinapite ndekha. Anandikakamiza ndi Rozina. Akanapanda iye, sindidziwa ngati ndikananena."

A Mwale anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chivulalireni ndinaona mano awo.

"Ndikudziwa, anandiuza yekha. Ndimafuna ndimve ngati unena. Ndiye chifukwa chake ndabwera. Munthu ngati iwe sayenera kusiyidwa yekha m'nyumba, ungaphe anthu ndi ukhondo wako. Pafunika wina wokuyang'anira. Tumiza ankhoswe mvula ikatha."

Ndinalira, ana inu, kulira kwenikweni kwa mamina, pamaso pa anyamata onse oumba njerwa. Iwo anayesa kuimirira, koma mwendo unakana, unali utatupa ndi ulendo uja. Anayesanso kachiwiri, n'kukhalanso pansi.

"Ukuyang'ana chiyani? Unauswa ndiwe. Tembenuka."

Ndinawabereka kumsana, ndodo yawo ili m'manja mwanga, kuchokera pa uvuni mpaka kumsewu wa basi. Anali olemera ngati thumba la simenti, ine ndili wowonda uja anandikana ku mgodi, matope akundimeza mapazi, misozi ikunditseka m'maso. Njira yonse ankandikalipira m'khutu kuti ndiyende bwino ndingawaswe mwendo winawo.